Dzuwa salozerana

N'zamanyazi kuti ife okhala m'chigawo chowombedwa ndi dzuwa chaka chonse tikutenthetsabe madzi osamba ndi magetsi a ku Kariba ndi ku Nkula. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, Lusaka inkagona mumdima, koma magetsi akangoyaka magiza ankawameza. Ku South Africa analamula kale mu 2011 kuti m'nyumba zatsopano theka la madzi otentha lisadalire giza wamba. Zimbabwe inakhazikitsa lamulo la magiza a sola mu 2019.

Mukuti sola ndi yodula? Inde, koma mumagula kamodzi, pomwe giza wamagetsi amakudyerani mayunitsi mwezi ndi mwezi. Inu amene mukumanga, kwezani thanki padenga. Magetsi tisiyire zipatala ndi zigayo.