Nkhuku yakumudzi imadya ndi miyendo

Nkhuku yakumudzi sidikira chakudya cha m'thumba. M'midzi ya m'boma la Chongwe, kaya ku Kanakantapa kaya ku Chalimbana, mwini wake akaiwazira gaga pang'ono m'mawa, zotsalazo imadzifunira yokha: imapalasa kudzala, imafukula chiswe, imathamangitsa ziwala. Miyendo ndiye khasu lake. N'chifukwa chake ndikuti timalakwa tikamanyozera matenda a miyendo, ndipo timalakwa koposa tikamawathamangira ndi mankhwala aukali pofuna kuti athe tsiku limodzi.

Miyendo ikatuwa, mamba n'kutukuka, nkhanambo zoyera n'kuunjikana mpaka kuzala, ambiri amati nkhukuyo yakalamba. Si ukalamba. Ndi nthata yosaoneka ndi maso, imene akatswiri amaitcha Knemidocoptes mutans. Imaboola khungu pansi pa mamba n'kuswana momwemo, ndipo m'milungu 2 yokha ana ake amakhala atakhwima. Imafala nkhuku zikamagona mothinana pamtengo umodzi, ndipo thadzi limapatsira anapiye powafungatira. Ikakhalitsa, magazi sayenda bwino kuzala, nkhuku imatsimphina, mwina chala n'kuduka. Nkhuku yotsimphina imadya mochepa, imaonda, imaleka kuikira, ndipo galu akaithamangitsa sipita patali. Imfa yake timainamizira galuyo, chonsecho inayambira m'miyendo.

Nthatayi imafa ikasowa mpweya, ndiye mankhwala ake ali kale m'nyumba zambiri. Viikani miyendo m'madzi ofunda a sopo kwa mphindi zingapo, tsukani mofatsa ndi mswachi wakale, pukutani, kenako pakani Vaseline wambiri kuyambira kuzala kukafika pamene payambira nthenga, mukumulowetsa pansi pa mamba. Mamba otukukawo musawazule, mungatsegule mabala. Chovuta n'chakuti kupaka kamodzi sikukwana. Pamafunika kubwereza pakapita masiku 2 kapena 3 alionse, kwa milungu 3 kapena 4, nkhuku zonse za m'kholamo, ndi kusesa khola ndi kutsuka mitengo yogonapo. Mamba atsopano amatenga miyezi kuti abwere, choncho mwendo ukamaonekabe woipa sikuti mankhwala alephera.

Ena anganene kuti oilo wakuda wochotsedwa mu injini amapezeka ulele m'magalaji a m'mbali mwa Great East Road, ndipo amaphadi nthata. Kupha amapha, sindikana. Koma oilo ameneyu ali ndi tizitsulo ndi zinthu zina zoyambitsa khansa, ndipo tikumupaka pakhungu long'ambika la nkhuku imene imajompha miyendo yake, imenenso mazira ake adzadya ana. Palafini ndi dizilo amaotcha khungu, n'kusiya chilonda pamene panali nthata chabe. Kabotolo ka Vaseline sikafika pamtengo wa thadzi limodzi pamsika wa Soweto ku Lusaka. Ulele wa oiloyo ndi wa lero lokha.

Mabala ali ndi njira yawo, ndipo apa mpamene mtima wofulumira umationonga kwambiri. Nkhuku ikaponda waya, msomali kapena galasi, kapena ikamadumpha kuchokera pamtengo wautali n'kugwera pouma, pansi pa phazi pamachekeka. Tizilombo ta mtundu wa Staphylococcus timalowa, phazi limatupa, pakati n'kuchita nkhanambo yakuda. Bala likadali latsopano, madzi ofunda amchere, ayodini, kansalu koyera komangira, ndi kuipatula nkhukuyo pamalo ouma kwa masiku angapo, zimakwana. Likatupa, nkhani yasintha, pakuti mafinya a nkhuku ndi olimba, satuluka ndi kufinya. Makapisozi a anthu amene ena amatsanulira m'madzi akumwa safika bwino mkati mwa chotupacho, ndipo nthata saikhudza n'komwe. Chimene amachita ndi kuzoloweretsa tizilombo mankhwala, vuto limene dziko la Zambia linalikonzera ndondomeko ya zaka 10 kuyambira 2017. Phazi lotupalo n'lofunika mlangizi wa ziweto, amene angalitsegule mwaukhondo n'kunena ngati pakufunika mankhwala, ndi masiku oyenera kudikira musanadye mazira. Chongwe ili pa makilomita pafupifupi 45 kuchokera ku Lusaka, kumene sukulu ya Samora Machel ya pa University of Zambia imaphunzitsa madokotala a ziweto. Boma loyandikana chotere ndi akatswiri siliyenera kumachiza nkhuku mongoganizira.

Mawu amene ndimawamva kukhala olemera ndi akuti chitopa ndiye chimaseseratu khola m'masiku ochepa, pamene nthata imapha pang'onopang'ono, ndiye nthawi ndi ndalama zipite ku katemera. N'zoona, katemera akhale patsogolo. Koma thadzi lopulumuka ku chitopa likamalephera kupalasira anapiye ake, phindu la katemerayo latheka. Ndipo ntchito ziwirizi sizilimbana. Amene amapereka katemera wodontheza m'diso amagwira kale nkhuku imodzi imodzi m'manja. Asanaitaye, aitembenuze, aone mamba, atambasule zala, ayang'ane pansi pa phazi, ndipo yokayikitsa aiike pambali tsiku lomwelo.