Chaka chodikira: ana a ku Pembamoyo akamaliza Giredi 12

M'maiko a ku Ulaya, wophunzira amene wamaliza sekondale amatha kusankha yekha kupuma chaka chimodzi asanapite ku yunivesite. Ku Pembamoyo, dera lomwe linali m'boma la Chadiza mpaka pamene boma la Vubwi linakhazikitsidwa mu 2012, mwana sasankha chaka chimenechi, koma amangopezeka alimo.

Mayeso a Giredi 12 amalembedwa kumapeto kwa chaka, ndipo bungwe la Examinations Council of Zambia limatulutsa zotsatira zake kumayambiriro kwa chaka chotsatira. Iyi ndi nyengo ya njala, pamene nkhokwe zapepuka ndipo ndalama zathera ku feteleza. Chimanga, soya ndi mtedza zimayamba kubweretsa ndalama pakatha miyezi ingapo. Motero ngakhale mwana amene wakhoza bwino amadikira.

Kale boma ndilo linkasamala za nthawi imeneyi. M'zaka za m'ma 1970, mu ulamuliro wa Dr Kenneth Kaunda, omaliza Fomu 5 ankakakamizidwa kupita ku misasa ya Zambia National Service kukaphunzira usilikali ndi ulimi. Dongosolo lokakamizalo linatha, ndipo lero udindo uli m'manja mwa makolo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kholo likhoza kuona mwanayo ngati khasu lowonjezera m'munda basi, kapena kumupatsa ndime yakeyake kuti zokolola zake zilipire mafomu, ulendo ndi zofunika zoyambira. Kwa mtsikana chiopsezo n'chachikulu. Lamulo la 2023 limaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa pachikhalidwe, koma ambiri omaliza Giredi 12 amakhala atapitirira zaka zimenezo. Ofunsira mbeta akafika, chomwe chimamuteteza ndi mawu a bambo, mayi ndi amalume.

Thandizo lilipo, ngakhale silikwanira onse. Bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2016, limapereka ngongole za maphunziro, ndipo ndalama za chakudya zomwe zinachotsedwa mu 2019 zinabwezeretsedwa mu 2023. Thumba la CDF limalipiriranso achinyamata ophunzira ntchito zamanja. Koma zonsezi zili ndi masiku ake otsekera, ndipo zimafuna chitupa cha NRC ndi mapepala olembedwa bwino. Banja lomwe lidikira kugulitsa chimanga lisanayambe kufunsa za mafomu likhoza kupeza kuti chaka chimodzi chasanduka ziwiri.