Mbale za ku France, Kadyedwe ka ku Turkey

Masiku ano, m'nyumba zogulitsira zinthu zamakedzana ku Paris ndi ku Istanbul, anthu achuma akulimbirana mbale zadothi loyera zimene amisiri a ku France adaumbira anthu a ku Turkey m'zaka za m'ma 1800. Kodi choloŵa chimenechi nchayani?

Afalansa ali nayo mfundo. Dothi loyeralo lidapezeka ku Saint-Yrieix, pafupi ndi Limoges, m'chaka cha 1768, ndipo luso lootcha ndi kupaka golide lidali lawo. Komabe maonekedwe a ziŵiyazo adalamula ndi wogula: tizikho takhofi topanda zogwirira, mbale zovundikira, mitsuko ndi mabeseni osambira m'manja. Mmisiri akadanyozera mwambo wa wogulayo, anzake a ku Meissen ndi ku Vienna akadamlanda msika.

Pambuyo pake, m'ma 1890, Sultan Abdülhamid II adatsegula fakitale yakeyake ku Yıldız, naitana amisiri a ku France omwewo. Lero lamulo la Turkey la 1983 limaletsa kutulutsa zinthu zakale m'dzikomo, ndipo mbale zambiri zochokera ku Ulaya zikusungidwa m'nyumba yachifumu ya Topkapı. Potero Turkey angathe kunena kuti chiŵiya choumbidwa potsata mwambo wake ndi mbiri yake, ngakhale manja adali a mlendo.