Breaker si breaker basi, tisiye bodza limeneli

Abale a geni, ife amene timaoda zamagetsi kuno ku Parklands n'kutumiza kumudzi kudzera pa Mwanza, tatopa ndi mawu akuti "breaker ndi breaker basi". Bodza limeneli lingaphe mwana wa kasitomala wanu.

Breaker wamba amateteza mawaya kuti asapse. Earth leakage imateteza munthu. Imayerekeza magetsi olowa pa live ndi obwerera pa neutral, ndipo ena akathawira m'thupi la munthu kapena m'madzi, imazimitsa nthawi yomweyo. Kuno ku South Africa lamulo la mawaya, SANS 10142-1, limafuna earth leakage ya 30mA pa masoketi. Ndiye bwanji ena mukutumiza ya 300mA n'kumauza anthu kuti "iyi ndi yamphamvu"? Ya 300mA ntchito yake ndi kuteteza nyumba ku moto. Munthu wogwira waya singamupulumutse.

Musanalipire onani izi. Pakhale polembedwa 30mA. Nambala ya 40A kapena 63A ndi katundu amene ingasenze, si chitetezo cha munthu. Funsani ngati ili ndi overload; ngati ilibe, imafunika breaker pambali pake. Nyumba ya single phase imafuna ya 2 pole, ya three phase imafuna 4 pole. Kumene kuli inverter, Type A ndiyo yoyenera kuposa Type AC. Funsaninso bodi imene ikaikidwemo: ya mini rail yofala kuno silowa pa DIN rail. Safunsa anadya phula.

Tikudziwa yankho lanu: "kasitomala amafuna zotchipa." Zoona, ndalama yavuta. Koma kasitomala sadziwa kusiyana kwa 30 ndi 300, amadalira inu. Mukamupatsa yopanda dzina, yopanda risiti, yogula kuseri kwa galimoto, mwamugulitsa pulasitiki. Gulani m'sitolo yodziwika, ndipo risiti ipite limodzi ndi katundu.

Ndipo inu amene mumauza anzanu kuti "ikamagwagwa ingoidumphitsani waya", manyazi akugwireni. M'zipinda zathu za lendi muno, June ndi July mvula ikamagwa, heater, ketulo ndi mbaula zonse zili pa extension imodzi. Earth leakage ikagwa ikukuuzani kuti penapake magetsi akuthawa: mwina geyser, mwina ketulo yotha, mwina chinyezi m'soketi. Zulani zonse, bwezerani chimodzichimodzi, wolakwa apezeka. Zikakanika itanani wamagetsi wa mapepala. Kuidumphitsa n'chimodzimodzi kupha galu chifukwa wauwa akuba.

Uzaninso makasitomala kuti azidina batani la TEST pafupipafupi. Ikapanda kugwa, yafa, asinthe.

Ife pa gulu lino tanena poyera: amene akupitiriza kugulitsa zabodza asabwere kudzatipempha chopereka cha maliro amene wayambitsa yekha.