Liwiro aliphunzire ndi mapazi

Mwana wa sekondale akhoza kukuyankhani mosajejema kuti liwiro timalipeza pogawa mtunda ndi nthawi. Koma mufunseni kuti galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda mtunda wotani m'sekondi imodzi, muona akuyang'ana kudenga. Apa ndiye pagona vuto. Ana athu analoweza mawu, koma tanthauzo lake silinawalowe.

Chonsecho yankho silovuta. Kilomita imodzi ndi mamita 1,000, ndipo ola limodzi ndi masekondi 3,600. Tikagawa mamita 100,000 ndi 3,600, tipeza mamita pafupifupi 28. Musanamalize kunena kuti "muli bwanji", galimotoyo yadutsa kale mtunda wonsewo.

Aphunzitsi, atulutseni anawa m'kalasi. Pitani nawo pabwalo la mpira, muyeze mamita 100 ndi chingwe, mulembe mizere ndi phulusa, mmodzi agwire foni yowerengera nthawi. Amene wathamanga masekondi 20, akadali wefuwefu, awerengere yekha: mamita 5 pa sekondi. Achulukitse ndi 3.6, apeze makilomita 18 pa ola. Nambala imeneyo sadzaiiwala, chifukwa waikhetsera thukuta.

Kenako muwauze za Usain Bolt wa ku Jamaica, yemwe mu 2009 ku Berlin anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58. Awerengere okha, apeza mamita 10.4 pa sekondi. Muwafunsenso ngati Bolt anali ndi liwiro limenelo pa sitepe yake yoyamba. Akana, pakuti aona okha kuti munthu amanyamuka pang'onopang'ono, n'kudzakoka moto pakati. Pamenepo amvetsa kuti 10.4 ndi liwiro la ulendo wonse tikauphatikiza, osati la paliponse.

Mvula ikayamba, phunziro likupitirira pakhonde. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Mwana awerenge masekondi kuchokera pa chiphaliwali kufika pomwe wamva bingu. Akakwana atatu, ndiye kuti mphezi yagwa pa mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi.

Nkhaniyi si ya mayeso okha. Mwana amene akufuna masekondi 5 kuti awoloke msewu wa M1 adziwe kuti pa nthawi yomweyo galimoto ya liwiro la makilomita 100 pa ola imayenda mamita pafupifupi 140, kuposa kutalika kwa bwalo la mpira. Imene ikuoneka ngati ili kutali, yafika kale. Makolo ndi aphunzitsi, masamu amenewa tiwaphunzitse mwana aliyense asanayambe kuwoloka msewu yekha.