Pepala Silikoka Khoka

Nkhani ya mainjini a ngalawa zophera nsomba m'maiko a ku Ulaya ili ndi phunziro lalikulu kwa mzika iliyonse imene ndiwo zake zicokera m'madzi.

Maiko a m'bungwe la European Union anagwirizana kuti ngalawa zao zikhale ndi ziphaso zoonetsa mphamvu ya injini, ndipo lamulo la m'caka ca 2009 linapatsa boma lililonse udindo wotsimikiza kuti zolembedwazo n'zoona. Cifukwa cake n'cosavuta kumva. Injini yamphamvu imakoka khoka lalikulu, imafika kutali, ndipo imapha nsomba zoculuka pa tsiku limodzi. Boma limene silidziwa mphamvu yeniyeni ya ngalawa zake silingadziwe ngati nyanja ipirira.

Koma mu 2017, bungwe lofufuza kayendetsedwe ka cuma la European Court of Auditors linapeza kuti maiko ena sanali kupima mainjiniwo mokwanira. Lipoti lina la mu 2019 linanena za akatswiri amene analowa m'ngalawa 68 ndi zipangizo zao, napeza kuti pafupifupi theka la ngalawazo linali ndi mphamvu yoposa ya pa ciphaso. Cinyengo cake n'codziwika: injini imafooketsedwa pa tsiku la woyendera, ndipo iye akangotembenuka mwini ngalawa amaibwezera nyonga zake.

Amene amalira ndi msodzi woona mtima ndi mnzace wa bwato laling'ono, pakuti nsomba zimene akanagawana zimathera m'khoka la munthu mmodzi wadyera. Ndiye cifukwa cake lamulo latsopano la mu 2023 linalamula kuti ngalawa zina zokoka makoka, za injini yopitirira makilowati 221, ziikidwe makina opima mphamvu nthawi zonse.

Dziko la Zambia silingaone nkhaniyi ngati ya kutali. Mu 1999 Zambia ndi Zimbabwe anapangana kuti ngalawa za kapenta pa nyanja ya Kariba zisapitirire 500, koma m'zaka zotsatira ciwerengeroco cinapyoledwa kwambiri. Kaya cowerengedwa ndi mphamvu ya injini kapena kuculuka kwa ngalawa, vuto ndi limodzi: malire amene palibe wowapima amangokhala a pa pepala.

Motero oyendera ayenera kucoka m'maofesi, nafike pa doko mosalengeza, napime ndi maso ao. Asodzi ndi mafumu a m'mphepete mwa nyanja ayenera kuwathandiza mopanda mantha. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka, ndipo nsomba zikatha ciphaso sicidzadyetsa mwana.