Oyendayenda nawonso afunsidwe

Anzanga, werengani mpaka kumapeto, kenako mutumizire ena.

Lamulo la mapulani a malo la 2016 linaika Malawi yense pansi pa mapulani, mudzi ndi tauni yomwe. Akuti anthu azifunsidwa maganizo. Chabwino. Koma ofunsidwawo ndani? Amfumu, a VDC, a ADC, eni minda, eni mashopu. Nanga amene alibe poloti?

Ine ndimakonza injini za maboti. Makasitomala anga ndi alovi otsata usipa, mwezi uno ku Chintheche, mwezi winawo ku Usisya. Usipawo amayi amakwera nawo mtunda kukagulitsa pa Mzimba boma, pa Jenda, ku Embangweni, kugona pakhonde la sitolo atakumbatira thumba. Chiphaso cha msika amadula tsiku lililonse, koma msonkhano ukachitika iwo ali pamsewu. Pulani ikatuluka, mulibe pogona, mulibe mpopi, mulibe chimbudzi. Kolera ikabuka, zala zonse kuloza iwo: "Obwerawa ndi auve."

Ayi akuluakulu, kumeneko sikufunsa anthu.

A khonsolo ya M'mbelwa, misonkhano yotere muzichitira pamsika, tsiku la msika, mu Chitumbuka ndi Chichewa. Papulanipo lembanipo malo a apaulendo, okhala ndi madzi ndi chimbudzi. Kunyanja makhonsolo achite chimodzimodzi ndi madooko, malo ogona alendo asanameze mchenga wonse.

Paja Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835 ali paulendo. Mzimba isaiwale zimenezo.

Achinyamata, mukamva za msonkhano, pitani ndipo mutenge mayi wa usipa uja akayankhule yekha.